Chaka chachitatu cha PhD ndipo ndatsala ndekha: kodi ndisiye?

Funso: Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Matawale ndipo ndimaphunzitsa pa sekondale ina mu Zomba muno. Ndili m'chaka chachitatu cha PhD. Kafukufuku wanga ndi wa mmene mabanja a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa amapezera chakudya ndi fizi ya ana nyanjayo ikauma. Deta ndinatolera kale. Ndili ndi macheza 40 amene ndinajambula pa foni ku Kachulu ndi ku Chisi, koma amene ndalemba papepala ndi 6 okha. Chaputala chachiwiri ndinatumiza kwa supavaiza wanga miyezi inayi yapitayo, mpaka lero zii. Anzanga amene tinayambira limodzi sitionananso. Kunyumba akungofunsa kuti, "Kodi sukuluyi idzatha liti?" Usiku ndikatsegula laputopu ndimangoyang'ana, kenako n'kutseka. Ndayamba kuganiza kuti mwina mutu wanga si wa zimenezi. Ndisiye?

Yankho: Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Ndayang'anira ophunzira a masters ndi a PhD kwa zaka zambiri mu Zomba muno, ndipo mawu amene mwalembawa ndinawamvapo pakamwa pa anthu amene lero tikuwatchula kuti a Dokotala. Munthu amene mutu wake si wa zimenezi safika pokhala ndi macheza 40 a ku Kachulu ndi ku Chisi. Kuti mufike pamenepo munalemba proposal n'kuiteteza pamaso pa akuluakulu, munadikira chilolezo cha kafukufuku, munakaonekera kwa mafumu, munakwera bwato. Mutu ulipo. Chimene chikukufooketsani ndi kusenza nokha ntchito imene palibe wina akuiona.

Musanapitirize kuwerenga, chitani chinthu chimodzi lero lomwe. Mwati machezawo ali pa foni. Ngati kulibe kwina kumene munawasunga, akopereni mu laputopu, mu fulashi yosungidwa kwa m'bale wanu wodalirika, ndi pa intaneti mu akaunti yotseka ndi pasiwedi imene mukuidziwa nokha. Foni imagwera m'madzi, imabedwa m'minibasi, imangozima osadzukanso. Ndinaonapo wophunzira akulira mu ofesi mwanga chifukwa cha zimenezi, ndipo panalibe chimene ndikanamuchitira koma kumuuza kuti abwerere kumudzi akayambirenso.

Tsopano tibwere ku mtima wa nkhani. Kuyambira Sitandade 1 mpaka masters, maphunziro anu anali ndi belu. Panali kalasi yolowa, tsiku lopereka ntchito, mayeso a kumapeto kwa teremu, ndi mnzanu wa pambali wokufunsani kuti mwafika pati. Mu chaka chachitatu cha PhD zonsezo zimachoka nthawi imodzi. Mutha kukhala mwezi wathunthu osalemba ngakhale mzere umodzi, ndipo palibe angadziwe. Kusalembako kumabala manyazi, manyaziwo amakuchititsani kuzemba anzanu ndi supavaiza, kuzembako n'kuwonjezera kusalemba. Magazini ya sayansi ya Nature inafunsa ophunzira a PhD oposa 6,000 a m'mayiko osiyanasiyana mu 2019, ndipo 36 pa 100 aliwonse anati anafunapo thandizo chifukwa cha nkhawa kapena kuvutika maganizo kobwera ndi maphunzirowo. Inu pamwamba pa zimenezo muli ndi makalasi oti muphunzitse, makope oti muchonge, ana awiri ndi nyumba.

Mankhwala amene ndawaona akugwira ntchito koposa ena onse ndi gulu laling'ono la anthu olemba. Ndimalifanizira ndi banki m'khonde. Amayi a banki m'khonde sadikira kuti apeze ndalama zambiri ndiye akasunge. Amakumana tsiku lodziwika, aliyense aponya kangachepe kamene ali nako, zilembedwa m'kope, wojomba alipira chindapusa, ndipo pofika Disembala munthu amadabwa ndi zimene wagawana. Chimawasungitsa ndalama ndi maso a anzawo. Inunso mukufunika anthu atatu kapena anayi amene sabata iliyonse adzayembekezera masamba anu awiri.

Mudzati, "Ndiwapeza kuti?" Zomba ndi tauni yaing'ono koma yodzaza ndi anthu amene akulimbana mobisa ndi thesis, buku la kafukufuku lopezera digiri. Alipo ku Chirunga, pa Yunivesite ya Malawi, ophunzira ndi aphunzitsi omwe. Alipo ku Domasi, ku koleji ya aphunzitsi ndi ku Malawi Institute of Education. Alipo ku National Statistical Office, ku MANEB, ku Centre for Social Research, ku Forestry Research Institute, ku chipatala chachikulu. Ena analembetsa ku mayunivesite a ku South Africa ndipo amaphunzira ali konkuno, kotero kusungulumwa kwawo kumaposa kwanu. Yambani ndi anzanu aja mwati simuonananso. Ndikukutsimikizirani kuti pakati pawo pali wina amene akutsegula ndi kutseka laputopu usiku monga inu, akuganiza kuti inu zikukuyenderani. Muimbireni foni. Musafunse kuti "Mwafika pati?" chifukwa funso limenelo ndi lothawitsa. Nenani zanu poyamba: "Ine ndaima, ndikufuna woti tizilembera limodzi Loweruka."

Sikofunika kuti onse akhale a phunziro lanu. Ndikunena izi chifukwa zinandichitikira. Ndili pakati pa PhD yanga bambo anga anamwalira, ndipo ndinakhala miyezi isanu ndi iwiri osagwira thesis. Amene anandidzutsa anali mnzanga wa sayansi ya mankhwala, wosadziwa chilichonse cha phunziro langa. Ankabwera Lachitatu lililonse madzulo n'kundiuza kuti ndimuwerengere mokweza tsamba limodzi. Ndikamaliza ankafunsa funso lomwelomwelo: "Ndiye mukuti chiyani kwenikweni?" Poyankha funso limenelo ndi mawu wamba, ndinayamba kumva mfundo yanga ndekha. Munthu wa phunziro lanu amadzaza yekha mipata imene mwasiya, chifukwa akudziwa zimene mumafuna kunena. Mlendo amaima pamene pali dzenje n'kukuuzani kuti apa sindikuoloka.

Kayendetsedwe ka gululo kakhale kosavuta, koma kasungidwe. Sankhani tsiku ndi ola limodzi losasinthasintha, tinene Loweruka kuyambira 8 koloko mpaka 11. Malo muli nawo kale: kalasi ya pa sukulu yanu imakhala yopanda anthu Loweruka, mungopempha a hedi. Magetsi akathima, Botanic Gardens ili pomwepa, mithunzi ilipo, ndipo kope ndi cholembera sizifuna chaji. Mphindi 15 zoyamba aliyense anene zimene analonjeza sabata yatha ndi zimene wachita, mmodzi alembe m'kope. Kenako mafoni onse alowe m'thumba limodzi, mulembe muli chete mphindi 25, mupume 5, mubwerezenso, kanayi. Mudzadabwa kuona kuti kukhala pafupi ndi munthu amene akulemba kumakulembetsani inunso. Mphindi 45 zomaliza zikhale za munthu mmodzi, mosinthana ngati chipereganyu: sabata ino masamba a uyu, ya mawa a uyo. Masambawo atumizidwe pofika Lachinayi kuti anthu abwere atawerenga.

Powerengerana pali luso lake, ndipo magulu ambiri amafera pamenepa. Ife tinaleredwa kuti tisamukhumudwitse mnzathu, ndiye timangoti "zili bwino" ngakhale sitinamve kanthu. Ena amapita mbali ina, kukhala ngati oyesa mayeso, kufufuza Chingerezi cholakwika mzere ndi mzere mpaka mwini masamba osadzabweranso. Njira yabwino ndi iyi: wowerenga ayambe ndi kunena m'mawu ake zimene wamva kuti masambawo akunena. Mwini wake akhale chete, amvetsere. Ngati zimene wamva mnzanu zikusiyana ndi zimene mumafuna kunena, vuto mwalipeza kale popanda wina kunyoza wina. Kenako asonyeze malo amodzi pamene anakhutira ndi malo amodzi pamene anasochera. Za galamala zidikire kumapeto kwa thesis.

Zinthu ziwiri zimawononga magulu otere. China ndi kusandutsa msonkhano bwalo la madandaulo a masupavaiza. Kudandaula n'kofunika, mtima umapepuka, koma kupatseni mphindi 10 basi. China ndi gulu la pa WhatsApp limene limayamba bwino kenako n'kudzaza ndi mauthenga ongotumizirana. Gwirizanani kuti pa gulupo pazibwera masamba ndi nthawi yokumana, zina zonse zipite kwina. Ndikudziwanso mantha amene ena amakhala nawo, oti mnzawo angawabere mfundo. M'gulu la anthu anayi odziwana, amene masamba awo amatumizidwa pa imelo yokhala ndi deti, chiopsezo chimenecho n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi chiopsezo chosamaliza. Chimene simuyenera kugawana ndi mayina ndi mawu ojambulidwa a anthu amene munacheza nawo. Munawalonjeza chinsinsi, ndipo lonjezolo silitha chifukwa choti womvetserayo ndi mnzanu.

Za supavaiza wanu. Miyezi inayi ndi yaitali, ndipo simukulakwa kudandaula. Koma ndikuuzeni mmene zimakhalira mbali inayo ya tebulo, kuti mudziwe pogwira. Mphunzitsi wa pa yunivesite amakhala ndi makalasi akuluakulu, mapepala a mayeso mulu, misonkhano, ndi ophunzira ena ambiri owayang'anira. Chaputala cha masamba 60 chikafika, amati ndidzachiwerenga ndikapeza tsiku lathunthu. Tsiku lathunthulo silibwera. Pakapita miyezi iwiri nayenso amayamba kuchita manyazi, ndipo chete wanu amamuthandiza kuiwala. Nthawi zambiri kusayankhako sikutanthauza kuti ntchito yanu ndi yoipa. Kumatanthauza kuti sinatsegulidwe.

Choncho apeputsireni katundu. Lembani imelo yaifupi, yaulemu, yopanda mawu oimba mlandu. Tumizaninso chaputalacho pa imelo yomweyo kuti asavutike kufufuza. Nenani kuti mukupempha aone masamba 10 okha, muwatchule, ndipo mufunse mafunso awiri kapena atatu olunjika, monga ngati mfundo yaikulu ya chigawo chakutichakuti ikugwirizana ndi mafunso anu a kafukufuku. Pemphani kukumana kwa mphindi 30, mupereke masiku awiri oti asankhepo. Pakatha sabata osayankha, pitani nokha ku ofesi kwawo. Kwathu kuno nkhope imatsegula zitseko zimene imelo imalephera. Mukakumana, tsiku lomwelo alembereni imelo ina yofotokoza mwachidule zimene mwagwirizana, ndani achita chiyani, pofika liti. Chizolowezi chimenechi chimateteza nonse awiri, ndipo chimathetsa vuto lija loti mwezi uno akuuzani chotsani, mwezi wa mawa akufunsani kuti munachotseranji.

Ngati muli ndi supavaiza wachiwiri, muzimuika pa imelo iliyonse. Ophunzira ambiri amamuiwala mpaka tsiku losayina. Ndipo pezani kabuku ka malamulo a maphunziro a postgraduate (masters ndi PhD) a yunivesite yanu, mukawerenge konse. Mmenemo mumalembedwa zaka zimene mukuloledwa kukhala pa maphunziro, malipoti a mmene ntchito ikuyendera, ndi njira yotsata zinthu zikavuta. Mukayesa kawiri katatu osaphula kanthu, pitani kwa woyang'anira maphunziro a postgraduate mu dipatimenti yanu, kenako kwa mkulu wa dipatimenti, muli ndi maimelo anu m'manja. Pitani ngati wopempha njira, osati wokasuma. Musalumphe makwerero, chifukwa dziko lathu la maphunziro ndi laling'ono ndipo mudzakumananso ndi anthu omwewa. Koma pali malire. Wina aliyense akakupemphani ndalama kapena thupi lanu kuti awerenge ntchito yanu, pamenepo palibenso zodekha: sungani umboni, uzani munthu amene mumamukhulupirira, mukanene kwa akuluakulu.

Cholakwika chimene ndikuchiona m'kalata yanu n'chakuti mwaimika ntchito yonse podikira chaputala chachiwiri. Chaputalacho chisiyeni chigone kumene chili. Mudzachilembanso ndithu mukadziwa zimene deta yanu ikunena, aliyense amatero. Thesis yanu ili m'macheza 34 amene simunawalembe aja.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa mantha amachepa chinthu chikakhala ndi nambala. Kulemba papepala ola limodzi la mawu ojambulidwa kumadya maola 4 mpaka 6, malingana ndi phokoso ndi liwiro la wolankhula. Tinene 5. Ngati macheza anu ndi a ola limodzi limodzi, mwatsala ndi maola 170. Mukamagwira maola awiri pa tsiku, masiku asanu pa sabata, ndi masabata 17, miyezi inayi, yofanana ndi imene mwakhala mukudikira yankho. Pa holide ya sukulu liwiro likhoza kuwirikiza. Mukapeza wokuthandizani theka, ndi miyezi iwiri. Ku Chikanda kuli ophunzira ambiri odziwa Chiyao ndi Chilomwe amene angakondwe ndi ganyu yotere, koma yambani mwaona zimene munalonjeza ku komiti imene inakupatsani chilolezo, kaya ndi UNIMAREC ya Yunivesite ya Malawi kaya ndi komiti ya National Commission for Science and Technology. Wothandizayo asayine pepala losunga chinsinsi, ndipo ntchito yake muziimvetseranso nokha mukuwerenga. Mapulogalamu a pa intaneti osandutsa mawu kukhala zolemba amavutika ndi zilankhulo zathu, makamaka pakakhala mphepo ya kunyanja ndi ana akulira kumbuyo, ndiponso kutumiza mawu a anthu ku makina a kunja popanda chilolezo chawo ndi kuswa pangano.

Lembani m'chilankhulo chimene munthuyo analankhula. Musamasulire zonse m'Chingerezi, mudzamasulira zokhazo zimene zidzalowe mu thesis. Msodzi akatchula matemba, makumba, mlamba kapena zimbowera, mawuwo akhale momwemo. Mayi akanena kuti "chaka chimenecho tinadya ganyu," mawu amenewo ali ndi nkhani yonse ya kafukufuku wanu, ndipo mukafulumira kuwasandutsa Chingerezi chosalala mudzataya chimene munapitira ku Chisi.

Ndiyeno chinthu chimene ndimaumiriza wophunzira wanga aliyense: mukamaliza kulemba macheza amodzi, musatseke laputopu musanalembe theka la tsamba la maganizo anu. Chandidabwitsa n'chiyani mwa munthu uyu? Akugwirizana ndi ndani, akutsutsana ndi ndani? Wanena chiyani chimene mabuku sananene? Lembani mosasamala kukongola, ngakhale m'Chichewa. Timasamba timeneti ndi timene muziponya ku banki m'khonde yanu Loweruka. Mukafika pa macheza a nambala 40 mudzakhala ndi masamba 17 kapena 20 a maganizo anuanu, ndipo chaputala cha zotsatira chidzakhala chitamera kale. Anthu ambiri amaganiza kuti amayamba aganiza bwinobwino ndiye n'kulemba. Zoona zake n'zakuti kuganizako kumachitika cholembera chili m'manja. Kungoyang'ana laputopu usiku kuja kumabwera chifukwa mukufuna kuti chiganizo choyamba chituluke chili cha mu thesis yomalizidwa. Chiloleni chituluke chopindika, anzanu adzakuthandizani kuwongola.

Pa nkhani ya zowerenga, muli ndi mwayi umene ofufuza a ku Ulaya amakwerera ndege kudzaupeza. National Archives of Malawi ili mu Zomba muno kuyambira 1947, ndipo muli malipoti a ma DC a nthawi ya atsamunda ofotokoza za njala, usodzi ndi misonkho m'maboma athu. Nyanja ya Chilwa inaumapo mu 1968, mu 1995, ndipo inaphweranso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018. Agogo amene munacheza nawo akamati "chilala chija," muyenera kudziwa kuti akunena chiti, ndipo zolembedwa zakale zidzakuthandizani kulumikiza zokumbukira zawo ndi zaka. Akatswiri a Yunivesite ya Malawi anaifufuza kwambiri nyanjayi kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la mayiko la Ramsar, choncho zolembedwa zilipo zambiri. Ku laibulale ya ku Chirunga funsani chigawo cha mabuku a za Malawi, muonenso ma thesis a amene anakutsogolerani, kuti muone ndi maso kukula ndi kamangidwe ka chinthu chimene mukupangachi. Ku National Statistical Office kuli zotsatira za kalembera wa 2018 ndi za kafukufuku wa mabanja wa 2019 mpaka 2020, zimene zingakupatseni chithunzi cha boma lonse kuti macheza anu 40 akhale ndi poima.

Muzicheza ndi ogwira ntchito mu laibulale. Anthu amenewa amadziwa njira zopezera nkhani za m'ma journal, magazini a ofufuza, popanda kulipira, kudzera ku Research4Life imene mabungwe a maphunziro a ku Malawi amaloledwa kugwiritsa ntchito, ndi ku mgwirizano wa malaibulale wa MALICO. African Journals Online ili ndi zolemba zambiri za ofufuza a mu Africa. Ikani pulogalamu ya Zotero mu laputopu, ndi yaulere, izikusungirani mayina a mabuku ndi kukulemberani mndandanda wake. Ndaona anthu akutaya mwezi wathunthu kumapeto akufufuza kumene anatenga mawu ena zaka zitatu zapitazo. Koma kuwerenga kuikireni malire. Kuwerenga kumakoma chifukwa kumaoneka ngati ntchito pamene kulibe chiopsezo, ndipo munthu atha kubisalamo zaka ziwiri.

Nthawi yosindikiza nkhani yanu ikadzafika, chenjerani ndi ma journal amene amakutumizirani imelo yokutamandani, kulonjeza kusindikiza pa sabata imodzi mukalipira madola. Ambiri otere sawunika chilichonse, ndipo nkhani yanu ikalowa mmenemo yawonongeka. Funsani a laibulale, onani ngati journal ili pa DOAJ (mndandanda wa pa intaneti wa ma journal ounikidwa), funsaninso gulu lanu. Chimodzimodzi anthu amene amadzipereka kukulemberani chaputala pa mtengo, kapena kukopera zolemba za makina n'kuziika ngati zanu. Pa viva, mayeso a pakamwa oteteza thesis, mudzakhala nokha ndi oyesa, ndipo adzakufunsani chifukwa chimene munalembera chiganizo chilichonse. Gulu lanu lomwelo lidzakuthandizani pamenepo: viva isanafike, anzanu akhale oyesa, akufunseni maola awiri osakumverani chisoni.

Kunyumba. Funso loti sukuluyi idzatha liti limapweteka, koma kawirikawiri ofunsawo sadziwa kuti PhD imayenda bwanji. Iwo amadziwa sukulu ya materemu ndi mayeso. Khalani nawo pansi bambo a kunyumba ndi abale amene mumakhala nawo, muwafotokozere ntchitoyo m'zidutswa zooneka. Matani pepala pakhoma la mabokosi 34, ndipo mukamaliza macheza amodzi mwana wanu achonge bokosi. Ana amasanduka okulondani, ndipo funso limasintha kukhala "Amayi, lero tichonga?" Pemphani mwachindunji maola amene mukufuna: Loweruka m'mawa simupezeka, wina aphike, wina achape. Amayi ambiri amene ndawaona akumaliza ankalemba m'bandakucha, kuyambira 4 koloko mpaka 6, nyumba isanadzuke, mutu usanatope ndi za kusukulu. Usiku mukatha kuchonga makope ndi nthawi yoipitsitsa yoyambira ntchito yofuna kuganiza, ndipo mwina n'chifukwa chake mukudziona ngati wolephera. Laputopu muziichajira kuntchito. Maliro sitikana, ndi umunthu wathu. Koma ukomiti wa ukwati, wa chinkhoswe, usungichuma wa ku mpingo, izi mutha kupepesa kwa chaka chimodzi, ndipo anthu okufunirani zabwino adzamva.

Za ndalama simunatchule, koma ndikudziwa kuti zilimo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti zambiri za kafukufuku zinasanduka mapepala chabe. Ubwino wake, gawo lodula kwambiri, la maulendo a kunyanja, mwadutsa kale. Musakhudze katapila chifukwa cha fizi. Ngati zathina, mayunivesite ambiri amalola wophunzira kupempha kupuma mwalamulo kwa kanthawi, ndipo kulemba kalata yotero n'kwabwino kuposa kungosowa, chifukwa mukangosowa zaka zanu zimawerengedwabe. Yang'aniraninso zolengeza za CODESRIA, bungwe la ofufuza za chikhalidwe cha anthu mu Africa limene likulu lake lili ku Dakar, ndi za Commonwealth, imene yakhala ikupereka thandizo loti wophunzira PhD kwawo akakhale ku yunivesite ya ku Britain mpaka miyezi 12. M'gulu la anthu anayi, maso oona zolengeza zotere amakhala asanu ndi atatu.

Pali mbali ina imene sindikufuna kuidumpha. Kutopa ndi thesis ndi kwina, matenda a maganizo ndi ena. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa simukugona, chakudya sichikulowa, zimene munkakondwa nazo sizikukukomeraninso, kapena mwayamba kuganiza zodzivulaza, musadikire Loweruka. Uzani munthu lero, ndipo pitani kuchipatala. Mu Zomba muno muli chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo, muli anamwino ndi madokotala ophunzira za zimenezi, ndipo kukaonana nawo n'chimodzimodzi kukayezetsa BP.

Mwafunsa ngati musiye. Alipo anthu amene kusiya kunali koyenera kwa iwo, ndipo ndimawalemekeza: ena thanzi linafuna zimenezo, ena anazindikira kuti moyo umene akuufuna sufuna digiri imeneyi. Koma chisankho chotere chimapangidwa masana, munthu atagona bwino, atakambirana ndi anthu omudziwa. Inu mukuchiganiza usiku, muli nokha, patsogolo pa laputopu. Dzipatseni miyezi itatu ya gulu, ya macheza olembedwa ndi ya kugogoda kwa supavaiza. Ikatha, dzifunseninso funso lomweli, ndipo yankho limene mudzapeze lidzakhala lanu.

Mukadzafika pakati, tinene pa macheza a nambala 20, konzani ulendo wa tsiku limodzi wobwerera ku Kachulu. Msewu mukuudziwa. Tengani mmodzi wa m'gulu lanu akuperekezeni. Kakhaleni pansi ndi ena mwa amayi ndi asodzi amene munacheza nawo, muwauze m'chilankhulo chawo zimene mwayamba kuona, muwafunse ngati mwamva bwino. Adzakukonzani pena, adzawonjezera pena, ndipo zimene adzanenezo zidzalowa m'chaputala chanu cha njira za kafukufuku ngati umboni woti munatsimikiza zotsatira ndi eni ake. Musaiwale kupempha chilolezo chawo musanajambulenso, ndipo madzulo omwewo mawuwo muwakopere malo atatu aja.